Mmene Mungasanthulire Ndakatulo ya Kuthawa: Mathero a Mizere, Kagundidwe ndi Mtima Wake

Mukapatsa ophunzira a Fomu 4 ndakatulo ya munthu wothawa, ambiri amaiwerenga kamodzi chamumtima, n'kulemba kuti "ndakatuloyi ndi yachisoni," basi atseka kope. Mwina ndi yachisonidi, koma yankho lotere lilibe poima. Chisonicho chili pa mzere uti? Mwachimva ndi khutu, kapena mwangochiganizira poti mwaona mawu oti goli? Umboni wa zimenezi umapezeka m'kamvekedwe ka mawu enieniwo: momwe mizere ikuthera, kutalika kwake, ndi pamene mlakatuli waswa dala dongosolo lomwe anayamba nalo.

Konzani pepala, pensulo ndi chofufutira, chifukwa kuwerenga maphatikizo munthu amalakwitsa kangapo asanakhoze. Pezaninso malo oti mutha kulakatula mokweza popanda wokusekani. Ngati muli ndi foni yojambula mawu, itithandiza pa gawo lachitatu. Tigwiritsa ntchito ndakatulo iyi ya mizere 16, yomwe yalembedwa kuti tiphunzirirepo. Ikopereni papepala, mukusiya mpata kumanja ndi kumanzere kwa mzere uliwonse.

Usiku wa Mwera

Chingwe chadya langa dzanja,
Goli lagona pakhosi;
Mawa tiwoloka nyanja,
Sizifunanso mlosi.

Mwera wadza ndi usiku,
Tulo tagwira mlonda,
Chingwe chagonja ku mano.
Goli pansi.
Mdima bii.
Nyang'anyang'a,
Wefuwefu.

Kwacha, ndafika pa Bua,
Kumbuyo kwatsala nyanja;
Khosi likumvabe goli,
Kumbuyo kwatsala banja.
Ndapulumuka ndekha.

Gawo loyamba: dziwani wothawayo ndi chomwe akuthawa

Werengani mokweza katatu musanalembe kanthu. Ulendo woyamba mungomva nkhani. Wachiwiri muziima paliponse pali chizindikiro cha m'kalembedwe. Wachitatu muwerenge ngati mukulakatula pamaso pa anthu. Mukatero lembani pamwamba pa pepala mayankho a mafunso atatu: woyankhula ndani, akuthawa chiyani, wafika kuti.

Pano woyankhula ndi kapolo. Dzina la malo omwe akuthawako silinatchulidwe, koma goli, kuwoloka nyanja ndi mtsinje wa Bua zikutilozera ku Linga, kuno ku Nkhotakota. Salim bin Abdullah, Jumbe (mfumu ya Chiswahili yochita malonda a akapolo) woyamba, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo akapolo ankasonkhanitsidwa pano, kuwakweza m'zombo kuwolokera tsidya la kum'mawa, kenako kuwayendetsa pansi ulendo wa ku Kilwa, doko la m'mbali mwa nyanja yamchere ku Tanzania. David Livingstone anafika kuno mu 1861 malondawo ali mkati. Wodziwa zimenezi akamva "mawa tiwoloka nyanja" amadziwa kuti si ulendo wokagula usipa: wowoloka sankabwerera. Mwera nawo tonse tikuudziwa, mphepo yochokera kummwera ya m'nyengo yozizira, yomwe ikakalipa asodzi amakokera mabwato kumtunda. Mafunde ake amasokosa usiku wonse, ndiye phazi la munthu silimveka.

Mbiriyi ithere pomwepa. Cholakwa cha ophunzira okonda mbiri n'kudzaza tsamba lonse ndi za Jumbe, ndakatulo osaikhudza.

Gawo lachiwiri: mathero a mizere

Apa m'pomwe ambiri amagwa, ndipo chifukwa chake chili m'Chichewa momwemo. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu alipo asanu okha: a, e, i, o, u. Aneni ambiri amathera ndi a. Ndiye mukatenga nkhani iliyonse ya m'nyuzipepala n'kuiduladula m'mizere, mupeza mizere yambiri ikuthera mofanana popanda aliyense kufuna. Kufanana kwa lembo lomaliza lokha si luso, zimangochitika.

Kufanana kwenikweni kumayambira pa lembo la liwu la phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Chitani chonchi: pa mzere uliwonse dulani mzere kunsi kwa mawu omaliza kuyambira pa lembo limenelo mpaka kumapeto, n'kulemba chidutswacho kumanja. Ndime yoyamba ikupatsani -anja, -osi, -anja, -osi. Mathero oyamba apatseni A, ena osiyana nawo B, motero ndimeyi ndi ABAB. Mzere woyamba ukuyankhidwa ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, popanda wotsala.

Pali chizindikiro china chosonyeza kuti mlakatuli wachita kufuna. Pocheza timati "dzanja langa," iye walemba "langa dzanja." Watembenuza mawu kuti dzanja ligwe kumapeto likakumane ndi nyanja. Mukaona mawu atembenuzidwa chonchi, yang'anani msanga kumapeto kwa mzerewo, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala pamenepo.

Ndime yachiwiri ikupatsani -iku, -onda, -ano, -ansi, bii, -ang'a, -efu. Palibe awiri ofanana. Wina anena kuti pansi ndi bii akufanana poti onse akuthera ndi i, kapena mlonda ndi nyang'anyang'a poti akuthera ndi a. Ayi, umenewo ndi msampha uja. Lembani kuti ndimeyi ilibe mathero ofanana, ndipo musaone ngati mlakatuli walephera. Sungani mfundoyi, tiifuna kutsogoloku.

Ndime yachitatu ndi -ua, -anja, -oli, -anja, -ekha. Mathero a -anja abwerera, choncho apatseni A yemwe uja wa m'ndime yoyamba, osati lembo latsopano. Ophunzira ambiri amayambiranso A pa ndime iliyonse, ndipo potero saona kuti dzanja, nyanja ndi banja ndi chingwe chimodzi chomanga ndakatulo yonse. Dzanja lomangidwa, nyanja yomwe amati amuwolotse, banja lomwe lasiyidwa: nkhani yonse ili m'mawu atatuwa. Onaninso kuti m'ndime yoyamba mizere yonse inayi inali ndi inzake, pomwe muno ndi iwiri yokha mwa isanu. Bua, goli ndi ndekha aima okhaokha.

Tcherani khutu pang'ono ku kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chichewa chimasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika ndi liwu lokha, malembo ali omwewo. Chimodzimodzi dzanja ndi banja: papepala akuthera mofanana, koma dzanja limayenda pansipansi pomwe banja limayambira m'mwamba n'kutsika. Izi siziphwanya kufanana kwa mathero, koma wolakatula wabwino amadziwa kuti banja ligunda khutu kuposa anzake.

Chenjeraninso ndi mathero otchipa. Mizere ikamathera ndi -nso, -be, -tu, -di kapena -idwa, imafanana mosavuta chifukwa timphatikira timeneti tingamatidwe ku mneni aliyense. Mutha kukutchula kufananako, koma musakutamande kwambiri.

Kumayambiriro kwa mawu kulinso msampha wofanana nawo. "Chingwe chadya" ndi "tulo tagwira" akumveka ngati chibwereza cha liwu, koma ndi mgwirizano wa dzina ndi mneni, womwe ngakhale mwana wa zaka zitatu amautsata. Mlakatuli sakanatha kulemba "chingwe ladya." Koma mu "goli lagona," go wachiwiriyo wachita kusankhidwa, poti akanatha kunena kuti "goli lakhala." Muyeso wake ndi umenewu: dzifunseni ngati akanatha kunena mwina. Ngati sakanatha, ndi malamulo a chiyankhulo, si luso lake.

Gawo lachitatu: kagundidwe

Musabwereke mayina a kagundidwe ka ndakatulo za Chingerezi, monga iambic pentameter, n'kuwakakamiza pa ndakatulo ya Chichewa. Chingerezi chimasinthanitsa phatikizo lotsindika ndi losatsindika. Chichewa sichiyenda motero. Ife timawerenga zinthu zitatu: kuchuluka kwa maphatikizo pa mzere, popumira, ndi phatikizo lomwe likukokedwa.

Yambani ndi kuwerenga maphatikizo. Dulani mawu ndi pensulo mukuwomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse: chi-ngwe-cha-dya-la-nga-dza-nja. Akwana 8. Lembani 8 kumanzere kwa mzerewo. Malembo opanda liwu ngakhale ataunjikana bwanji, monga ngwe kapena mwe, ndi phatikizo limodzi bola lembo la liwu likhale limodzi. Malembo a liwu awiri oyandikana ndi maphatikizo awiri: Bu-a, ndi-u-si-ku, kupatula bii yemwe timuwerenga ngati limodzi, chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Vuto lalikulu ndi m. Werengani mzere wachinayi: ambiri amapeza 7 n'kunena kuti mlakatuli waphonya. Alipo 8: si-zi-fu-na-nso-m-lo-si. M wa mu mlosi ndi phatikizo paokha, chifukwa ndi mu wofupikitsidwa. Chimodzimodzi m-lo-nda ndi m-di-ma. Koma m wa mu likumvabe saima payekha, mva ndi phatikizo limodzi, monga zilili mu mvula, mfumu ndi mbuzi. Mukakayika, yesani kubwezeretsa u. "Mulonda" ndi "mudima" akumveka, ndipo akuluakulu ena amatero ndithu. "Muvula" palibe amanena. Kusiyana kwa mbale yodyera ndi m'bale wanu kuli pomwepa: woyamba ali ndi maphatikizo awiri, wachiwiri atatu.

Mukamaliza, kumanzere kwa pepala kukhale manambala awa. Ndime yoyamba: 8, 8, 8, 8. Yachiwiri: 8, 8, 8, 4, 4, 4, 4. Yachitatu: 8, 8, 8, 8, 7. Ngati anu akusiyana, bwererani pa m ndi pa malembo a liwu oyandikana, cholakwa chimakhala pamenepo pafupifupi nthawi zonse.

Tsopano jambulani mawu anu pa foni mukulakatula, kenaka mumvetsere pensulo ili m'manja. Mumva zinthu ziwiri zomwe papepala sizioneka. Choyamba, pofulumira mwina mwanena "wadza n'usiku" m'malo mwa "wadza ndi usiku," mzere n'kutsika kufika pa 7. Zikatero lembani manambala onse awiri, koma posanthula tsatirani zomwe zalembedwa. Chachiwiri, mumva kuti kumapeto kwa mzere uliwonse phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto likukokedwa: dzaanja, pakhoosi, nyaanja, mloosi. Umu ndi momwe Chichewa chimapumira, ndipo n'chifukwa chake tinati kufanana kwa mathero kumayambira pamenepo. Ikani kamzere pamwamba pa phatikizo lililonse lokokedwa.

Popumira m'kati mwa mzere ikanipo kamzere koimirira. Mzere woyamba ukugawika pakati penipeni, 4 ndi 4: "Chingwe chadya" kenako "langa dzanja." Wachiwiri ndi wachinayi akugawika 5 ndi 3, "Goli lagona" kenako "pakhosi," "Sizifunanso" kenako "mlosi." Ndiye mizere iwiriyi si mathero okha omwe akufanana, ngakhale kayendedwe kake n'kamodzi. Ndime yonse ikuyenda mwa ndawala imodzi, ngati anthu omangidwa pa chingwe chimodzi, woti sangafulumire kapena kutsalira.

Malo ofunika kwambiri m'ndakatulo ya kuthawa ndi pamene manambala asintha. Zungulizani pamenepo. Pano ndi pa mzere wa 8, "Goli pansi," pomwe 8 wadulidwa pakati n'kukhala 4. Kusinthaku kwachitika chingwe chitangoduka pa mzere wa 7. Mizere inayi yotsatirayi ilibe mneni ngakhale mmodzi, itatu mwa iyo yatsamira pa mvekero, mawu ojambula maonekedwe, kayendedwe kapena phokoso la chinthu. Munthu wozemba usiku sapanga ziganizo, mpweya wake sumulola. Yesani kuwerenga mizere inayiyo mukuyenda m'chipinda, muona kuti uliwonse ukukwana mapazi awiri.

Mvekero uli ndi khalidwe lake. Bii sakokedwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ngati mawu ena, amakokedwa kumapeto kwenikweniko, ndipo wolakatula atha kumutalikitsa momwe akufunira. Powerenga maphatikizo muwerengeni ngati limodzi lalitali, koma lembani m'mbali kuti apa nthawi yaima. Pambuyo pake pakubwera nyang'anyang'a ndi wefuwefu, onse obwereza chidutswa chimodzi kawiri. Woyamba ndi wa kuyenda mozemba, wachiwiri ndi wa munthu amene wathamanga kale mtunda. Pakati pa mizere iwiriyi pali liwiro lonse lomwe ndakatulo sinalitchule.

Mzere womaliza uli ndi 7. Mlakatuli amene wasunga 8 pa mizere 11 sangalephere kuwerenga pa womaliza. Akanafuna akanalemba "Ndapulumukadi ndekha," akanakwana. Wasiya phatikizo limodzi likusowa pa mzere womwe ukunena kuti anthu ena akusowa. Khutu lomwe lazolowera 8 limadikira kugunda kumodzi komwe sikubwera. Komabe mfundo ngati iyi muziinena pokhapokha dongosolo linali lolimba kale. M'ndakatulo yomwe mizere yake ili 6, 11, 9, 7 mosatsata kanthu, kusowa kwa phatikizo limodzi sikutanthauza chilichonse, ndipo alakatuli ambiri a Chichewa salemba mowerenga maphatikizo. Zikatero nenani kuti mizere ndi yosiyana kutalika, kenako yang'anani chomwe chikugwira ntchito ya kagundidwe, kawirikawiri chimakhala chibwereza cha mawu kumayambiriro kwa mizere.

Gawo lachinayi: mtima wa ndakatulo

Siyanitsani zinthu ziwiri. Pali momwe woyankhula akumvera, palinso momwe ndakatulo ikukumvetsani inu owerenga. Nthawi zina zimagwirizana, nthawi zina ayi. Ndipo musafune liwu limodzi loti likwanire ndakatulo yonse. Ndakatulo ya kuthawa imasuntha, mtima wake umasunthanso, choncho ndime iliyonse ipatseni liwu lake.

Dulani mzere kunsi kwa aneni onse, muone nthawi yawo ndi mwini wake. Ambiri ali m'nthawi ya zomwe zangochitika kumene: chadya, lagona, wadza, tagwira, chagonja, kwacha, ndafika, kwatsala, ndapulumuka. M'ndime yoyamba ndi yachiwiri, kupatula pa "tiwoloka," ochita zinthu si munthu ayi. Chingwe ndicho chikudya, goli ndilo lagona, mwera ndiwo wadza, tulo ndito tagwira. Zinthu zopanda moyo zapatsidwa umunthu pomwe munthu walandidwa wake. Ngakhale podula chingwe, sananene kuti "ndadula," wati chingwe chagonja. Nda- woyamba akutulukira pa mzere wa 12, atafika pa Bua. Onaninso kuti pa mzere wachitatu anati "tiwoloka," anali pagulu. Pa womaliza wati "ndekha." Ulendo wochoka pa ti- kufika pa nda- ndiwo ufulu wake, ndiwonso chisoni chake.

Mneni mmodzi yekha ali m'nthawi ya zomwe zikuchitikabe: likumvabe. Goli linagwa pa mzere wa 8, koma pa mzere wa 14 khosi likulimvabe. Mneni wosiyana ndi anzake chonchi muzimuzunguliza.

Tsopano sankhani mawu, ndipo asakhale "chisoni" paliponse. Ndime yoyamba ndi ya kugonja ndi kutaya mtima: "sizifunanso mlosi" ndi mawu a munthu amene wavomera kuti zake zada. Yachiwiri ndi ya mantha osakanikirana ndi changu, mtima uli m'mwamba. Yachitatu ndiyo yovuta. Wowerenga mothamanga akaona "kwacha" ndi "ndapulumuka" amalemba kuti ndi ya chimwemwe. Koma mizere iwiri ikuyamba ndi "Kumbuyo kwatsala," kusonyeza kuti maso ake sali kutsogolo. Koyamba chotsalacho ndi nyanja, ndipo tikupuma naye. Kachiwiri mawu ndi omwewo, phatikizo limodzi lokha lasintha, nya wasanduka ba, ndipo mpumulo uja wasanduka kudziimba mlandu. Mawu oyenera apa ndi monga kusungulumwa, kusweka mtima, kapena mpumulo wowawa.

Musaiwale mutu. "Usiku wa Mwera" sukutchula ufulu kapena m'bandakucha, ngakhale ndakatulo ikuthera kutacha. Woyankhula akukumbukira usikuwo, osati m'mawa wake.

Gawo lachisanu: kulemba yankho

Mfundo iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu motsatana: chomwe mwaona, mawu enieni a m'ndakatulo pamodzi ndi nambala ya mzere, ndi ntchito yomwe chikugwira. Chachitatuchi ndicho ambiri amasiya. Kulemba kuti "ndime yoyamba ndi ABAB" n'kuima pomwepo kuli ngati kuwerenga nsomba pathandala osanena kuti ndi usipa kapena utaka.

Ndime ya yankho itha kumveka chonchi: "M'ndime yoyamba mizere yonse ili ndi maphatikizo 8 ndipo ikuthera mwa ABAB, dzanja ndi nyanja, pakhosi ndi mlosi. Dongosolo lothinali likugwirizana ndi woyankhula yemwe ali womangidwa. Chingwe chitaduka pa mzere wa 7, mizere yafupika kufika pa maphatikizo 4, mathero ofanana asowa, ndipo mvekero monga wefuwefu walowa m'malo mwa aneni, zomwe zikutimvetsa mantha ndi kubanika kwa wothawa. M'ndime yomaliza maphatikizo 8 abwerera, koma mathero omwe abwerera ndi a nyanja ndi banja okha, ndipo mzere womaliza wapereweza phatikizo limodzi. Woyankhula wapulumuka koma mtima wake sunakhazikike."

Pa mayeso a MANEB simudzakhala ndi foni kapena mwayi wowomba m'manja. Zolowerani kuwerenga maphatikizo pogunda chala pa bondo, milomo ikuyenda popanda kutulutsa mawu. Ndakatulo ikakhala yaitali musawerenge mizere yonse. Werengani ndime yoyamba yathunthu kuti mupeze nambala yomwe mlakatuli wayamba nayo, kenako yang'anani ndi maso mizere yomwe yafupika kapena kutalika kuposa inzake, muwerenge imeneyo ndi womaliza.